ANajombo ndi Mpunga Wosakanizika

Uthenga wa imfa ya a Pulofesa Veronika unandipeza ndili m'kalasi, ndikuphunzitsa ana a chaka choyamba za kayendedwe ka madzi m'ngalande. Foni inanjenjemera m'thumba, ndipo nditaisuzumira ndinapeza mawu ochepa ochokera kwa Tiyamike, mnzanga amene tinaphunzira limodzi digiri yachiwiri: "ANajombo atisiya m'mawa uno." Ndinawauza anawo kuti tionana mawa, n'kutuluka. Ine si munthu wolira pagulu, koma tsiku limenelo ndinakaima kuseri kwa laibulale n'kulira ngati kamwana.

Dzina lakuti aNajombo silinali lawo. Kwawo ku Golomoti anali aNangozo, ndipo m'mabuku a yunivesite anali a Pulofesa. Koma ife ophunzira tinkawaona tsiku ndi tsiku ali mu jombo zakuda zakumunda, m'kalasi momwemo, ku ofesi, ngakhale ku misonkhano ya akuluakulu kumene anzawo ankabwera nsapato zili waliwali. Nsapato zenizeni ankavala tsiku lopereka madigiri lokha, ndipo ankayenda nazo ngati akuponda minga. Dzinalo tinkalinena mobisa, poganiza kuti salidziwa. Tsiku lina anandiimbira foni n'kuyamba ndi mawu akuti, "Dominiko, ano ndi aNajombo." Foniyo inatsala pang'ono kundipulumuka.

Anabadwira m'banja la alimi a mpunga. Sukulu anayambira ku Mua, akuyenda wapansi, ndipo patapita zaka anapita kunja kukaphunzira za mbewu ndi sikolashipu imene mphunzitsi wawo wina anachita kuwakakamiza kufunsira. Nkhaniyi sankainena modzitama. Ankainena mokwiya, akuti anatsala pang'ono kusafunsira chifukwa ankaona ngati zoterezi ndi za ana a m'tauni. N'chifukwa chake moyo wawo wonse ankasaka thandizo la maphunziro mmene ana amasakira mbewa m'chilimwe, dzenje lililonse kulipisa ndodo. Akamva kuti kwinakwake kwatuluka mwayi wa digiri yachiwiri, ankaima pakhomo la kalasi n'kugwira munthu pamkono. Inenso anandigwira choncho.

"Iwe, kwanu n'kuti?"

"Ku Mua, Mayi."

"Ndiye ukudikira chiyani, belu la kutchalitchi? Mawa ubwere ndi mapepala ako."

Maganizo awo anali akuti sikolashipu sipita kwa wanzeru kuposa onse, imapita kwa amene wafunsira nthawi isanathe. Kukanidwa sankakuwerengera ngati kanthu. Ukabwera nkhope ili khuma kuti akukana, ankakufunsa ngati wafa, ndipo ukati ayi, ankakupatsa malo ena okafunsira. Pokonzekera mafunso a eni thandizo, tinkakhala pakhonde pawo tikuswa mtedza, iwo akudziyesa mlendo wochokera kunja wa mafunso okhadzula. Ukangoyamba yankho ndi mawu akuti "mwina", khoko la mtedza linkakupeza pamphumi.

Ndisanamizire kuti anali munthu wofewa. Mawu akuti "wachita bwino" sindinawamvepo m'kamwa mwawo. Ukalemba bwino kwambiri ankangoti, "Pitiriza." Mutu woyamba wa kafukufuku wanga anaubweza uli wofiira ndi inki, pamwamba atalemba funso lakuti kodi ndinaulemba ndili maso. Panali mnyamata wina wa ku Ntcheu amene anawapempha kuti asinthe mutu wa kafukufuku wake, iwo n'kukana mpaka mnyamatayo anasiya sukulu. Atakalamba ankamutchulabe dzina, n'kunena kuti pamenepo anaumitsa mutu popanda chifukwa. Sankapepesa kawirikawiri, koma sankaiwalanso.

Nyumba ya ku Golomoti anawasiyira ndi bambo awo. Iwo anaonjezerako zipinda kumbuyo kuti ophunzira amene akuchita kafukufuku m'chigwa cha Bwanje azigonamo. Lendi kunalibe, koma aliyense ankasesa, kutunga madzi ndi kuphika pa tsiku lake, kaya ndi mwana wa nduna. Pakhonde panali kampando kawo kachikopa, ndipo pamtanda wa denga pankalendewera sikelo yoyezera mbewu. Tikamayeza zokolola za kafukufuku, iwo ankakhala pakampandopo akutafuna chimanga chootcha, ndipo ukawerenga nambala mofulumira ankangoti, "Bwereza." Unkabwereza ndithu, ngakhale ukudziwa kuti sunalakwe.

Mikangano yawo yambiri inali ndi a Dini, mkulu woyang'anira ophunzira a madigiri apamwamba, amene dzina lawo ndilisunga chifukwa akadali moyo. Awiriwa ankakangana chaka ndi chaka ngati anthu apachibale olimbirana malire a munda. Lamulo linkaletsa ophunzira kukhala ndi makanda ku hositelo. ANajombo anatenga khanda la wophunzira wawo n'kumaligoneka m'beseni mu ofesi yawo, ndipo a Dini atabwera kudzadandaula, anawapatsa khandalo kuti aligwire kaye iwo amalize kulemba. Ndalama za chakudya za ophunzira zikachedwa, ankakhala pakhomo la ofesi ya a Dini n'kumachongera mayeso pomwepo mpaka zitatuluka. Koma mkangano waukulu unali wa nthawi. Thandizo la digiri yachiwiri linkatha pa zaka ziwiri, kaya mvula yachedwa, kaya mbewu sizinache. ANajombo ankati mpunga sudziwa kalendala ya yunivesite, ndipo a Dini ankayankha kuti eni ndalama sadziwa mpunga. Onse awiri ankanena zoona, n'chifukwa chake mkanganowo sunkatha.

Amene akufuna kuwadziwa bwino mayiwa ayenera kumva za chaka chimene mpunga wa Tiyamike unakololedwa. Ine ndinalipo, chifukwa chaka chimenecho ndinkagona m'zipinda zakumbuyo zija, ndikuyeza madzi a m'ngalande.

Tiyamike anali wa ku Chiradzulu. Anasiya ntchito yauphunzitsi kuti adzachite digiri yachiwiri, ndipo kwawo panalibe wina amene anafikapo pa yunivesite. Kafukufuku wake anali wofuna kudziwa mtundu wa mpunga umene umapirira madzi akachepa. Anagawa munda m'timinda ting'onoting'ono, kamunda kalikonse mtundu wakewake wa mpunga, ndipo pakona pa kamunda kalikonse anakhoma chikhomo chamtengo cholembedwa nambala. Ntchito yonse inali kudikira tsiku limodzi, loti amwete kamunda kalikonse pakokha, apunthe pakokha, ayeze pakokha. Popanda manambala a pa sikelo panalibe choti alembe, ndipo popanda cholemba panalibe digiri. Thandizo lake linali kutha miyezi yochepa pambuyo pa kukolola.

Mpunga utayamba kuweramitsa ngala, mayi ake a Tiyamike anamwalira. ANajombo anatulutsa galimoto yawo yakale yapabwalo n'kutiperekeza kumaliro. Poona kuti mpunga unali usanache bwino, anamuuza Tiyamike kuti akhale kaye ndi abale ake, ndipo ife tinalowera ku yunivesite kumene kunali mayeso. Kumbuyo kuno dzuwa linawala kwambiri, mpunga unacha msanga, ndipo mpheta zinagwa m'chigwa.

Kumeneko kuli mwambo umene aliyense wobadwira kumeneko amaudziwa. Munthu akagweredwa maliro nthawi yokolola, anzake a minda yoyandikana samusiyira mbewu zake kuti zithere mbalame. Amapangana, n'kukamukololera, osamufunsa, chifukwa wofedwa safunsidwa za kumunda. Amene anali ndi munda pafupi ndi wa Tiyamike anali aNambewe, mayi wamasiye wa mawu akuluakulu amene ankatsogolera amayi anzake pa chilichonse, kuyambira kuwokera mpaka kuphika pamaliro.

Tsiku limene tinabwerera, titamutenga Tiyamike kwawo, tinadzera kumunda tisanafike kunyumba. Tinapeza ziputu zokhazokha. Tiyamike anatsika m'galimoto n'kuyenda pamzere wa munda uku ndi uku ngati munthu wosochera. Zikhomo zake panalibe ngakhale chimodzi. Titafika kunyumba tinapeza matumba a mpunga atasanjikizidwa bwinobwino pakhonde, atasokedwa kukamwa, ndipo posakhalitsa amayi anayamba kufika m'modzim'modzi n'kukhala pansi pabwalo.

"Pepani, mwana wathu," anatero aNambewe. "Tinamva zimene zakuonekerani. Ndiye tinati mwana wa eni ali pamaliro, mpunga wake usathere mpheta ife tikuona. Tamweta, tapuntha, tapeta, tayanika. Njere ngakhale imodzi sinatayike. Timitengo tanu tamanambala tija tazula, tatsuka, ndi ito tamanga pamodzi kuti tisasowe."

Anatulutsa mtolo wa zikhomo, zoyera bwino, zomangidwa ndi luzi. Mitundu yonse ya mpunga anali ataipunthira pamulu umodzi.

Tiyamike anakhala pansi n'kuyamba kulira mokweza. Amayi aja anaganiza kuti akulira mayi ake, ndipo anamuzungulira n'kumalira naye, wina akumusisita kumsana. Ine ndinayang'ana aNajombo. Iwo anagwada pansi, jombo zili kumapazi, n'kuwomba m'manja mwaulemu, kuwathokoza amayiwo mmodzi ndi mmodzi pomutchula mfunda wake. Alendo atapita, aNajombo anazungulira kuseri kwa nyumba, ndipo tinamva ndowa ikulira ndi kugubuduzika mpaka kukhola la nkhuku.

A Dini atamva nkhaniyi sanakalipe. Anabwera ndi njira, ndipo ndikukhulupirira kuti anabwera nayo ndi mtima wabwino. Malamulo a eni thandizo ankalola kuonjezera nthawi ndi ndalama ngati wophunzira wadwala, ngati kwagwa ngozi monga kusefukira kwa madzi, kapena ngati anthu aba ndi kuwononga zinthu za kafukufuku. Pa chachitatuchi pankafunika lipoti la ku polisi ndi siginecha ya mphunzitsi woyang'anira.

"Simunama, Mayi," anatero a Dini. "Anthu analowa m'munda wa kafukufuku n'kukolola popanda chilolezo. Apolisi angolemba basi. Palibe amene amangidwe."

"Polemba adzafuna mayina," anayankha aNajombo. "Mayinawo ndi a aNambewe ndi anzawo. Kwathu munthu akalembedwa ku polisi kuti anaba mpunga wa mwana wofedwa, zidzukulu zake zimakula nalo dzinalo. Ine sindisaina."

Amene anapwetekedwa ndi yankho limeneli anali Tiyamike. Anawapeza pakhonde masana, ine ndikusesa pabwalo, ndipo sanatsitse mawu.

"Mayi, ndinasiya ntchito chifukwa cha inu. Amayi anga ndawaika m'manda, azing'ono anga akuyang'ana ine. Ndiye mukuti dzina la anthu amene awononga ntchito yanga n'lofunika kuposa digiri yanga?"

"Sindinatero."

"Ndiye sainani."

"Sindisaina, mwana wanga. Udikire komiti ya ku yunivesite ikumane."

Tiyamike analowa m'chipinda chake n'kumenyetsa chitseko. Masiku otsatira sanawalankhule, ndipo chakudya ankadyera kuchipinda. Kunena zoona, inenso mumtima ndinali mbali yake. Ndinkaona kuti mayiwa akusewera ndi moyo wa munthu chifukwa cha liuma lawo lomwe lija.

Chovuta china chinali chakuti amayi aja sankadziwabe chimene anachita. Ankatipatsa moni mokondwa pamsika. M'mawa wina aNajombo anandituma kuti ndiwaperekeze kwa aNambewe, ndipo atakhala pamphasa anawafotokozera zonse, za timinda, za zikhomo, za sikelo, ngakhale za lipoti la ku polisi. Sanabise kanthu. ANambewe anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anadzifunditsa chitenje kumutu.

"Ndiye kuti mwana uja tamuliritsa kawiri," anatero pomaliza. "ANangozo, ngati mankhwala ake ndi ku polisi, kandilembeni ine ndekha. Ndine ndinawaitana anzanga. Ine ndakalamba, dzina ndilitani?"

"Ku polisi sitipita," anatero aNajombo. "Mawa muvale bwino, tikwere galimoto."

Thumba limodzi la mpunga uja ndinalisenza ndine kukwera nalo masitepe a ofesi ya akuluakulu, ndipo aNajombo anandiuza kuti ndiliike pamwamba pa tebulo lopukutidwa la komiti. Pambali pake anaikapo mtolo wa zikhomo. Tiyamike anakhala pakona, maso ali pansi. Komiti imeneyo inkalankhula Chizungu ngakhale popatsana moni, koma tsiku limenelo aNajombo anayamba m'Chichewa, ndipo panalibe amene analimba mtima kuwabweza. Anapempha aNambewe kuti afotokoze okha. Mayiwo anafotokoza ataimirira, manja ali kumbuyo, mmene mpheta zinagwera ndi mmene anapanganirana.

Mkulu wina wa komiti anafunsa kuti, "Koma mayi, zikhomo zamanambala simunazione?"

"Tinaziona, bambo. N'chifukwa chake tinazitsuka."

"Simunadziwe kuti zikutanthauza kanthu?"

"Tinkati ndi zoti mwanayo azidziwira malire a munda wake, poti ndi mlendo. Palibe amene anatiuza."

Pamenepo aNajombo anaimirira. Sanakweze mawu. Anati malamulo akufuna kuti papezeke wolakwa, ndipo wolakwayo alipo, ndi iwowo. Zaka zonse zimene akhala akutumiza ophunzira m'chigwa, ankapempha malo kwa amfumu ndi kwa akuluakulu a minda ya mthirira, amuna okhaokha, n'kumaona ngati nkhani yatha. Amayi amene amakhala m'munda woyandikana kuyambira m'mawa mpaka madzulo sanawauzepo kuti zikhomo n'zachiyani. Anatinso mlendo akanakhululukidwa, koma iwo anabadwira komweko, ndipo bambo awo atamwalira munda wawo unakololedwa ndi anansi mwa njira yomweyo. Mwambowo ankaudziwa, komabe anatenga galimoto n'kuchoka osasiya mawu kwa munthu aliyense.

"Mulembe kwa eni thandizo kuti kafukufukuyu wawonongeka chifukwa cha kusasamala kwa mphunzitsi woyang'anira," anatero. "Malamulo athu akunena kuti zikatero wophunzira salangidwa. Amapatsidwa nthawi ina ndi thandizo lake."

Gawo limenelo la malamulo a Dini ankalidziwa bwino, ndipo apa ndi pamene ndinazindikira kuti ankalizemba dala pofuna kuwateteza mayiwa. Anavula magalasi awo n'kuwaika patebulo.

"Mayi, mukudziwa chimene gawo limenelo limachita kwa mphunzitsi?"

"Ndinalipo polilemba, a Dini."

Komiti inavomera. Tiyamike anapatsidwa nyengo ina ya mvula, pamodzi ndi ndalama zake za chakudya. ANajombo anachotsedwa pa utsogoleri wa kafukufuku yense wa eni thandizo amenewo kwa zaka zingapo, ndipo udindo wa mkulu wa dipatimenti, umene aliyense ankadziwa kuti ukubwera kwa iwo chaka chimenecho, unapita kwa wina. Sanautenge mpaka kupuma ntchito. Anthu akawadandaulira ankayankha kuti awachotsera misonkhano n'kuwaonjezera matope, ndiye palibe choliritsa. Ndikudziwa kuti zinawapweteka, chifukwa tsiku limene wina uja analowa mu ofesiyo iwo sanadye chimanga chawo. Koma sindinawamvepo akunena kuti akanadziwa sakanatero.

Thumba lija silinatsikenso masitepe. Ndinamva kuti a komiti anagawana, ndipo a Dini anatenga gawo lalikulu. Matumba otsala tinadya ife chaka chonse. Unali mpunga wovuta kuphika kuposa wina uliwonse, chifukwa m'poto momwemo wina unkapsa mpaka kusanduka phala pamene wina ukadali wolimba ngati mchenga. Wophika aliyense ankanyozedwa pa tsiku lake.

Mvula yotsatira isanagwe, aNajombo anaitanitsa amayi ndi abambo onse a minda yoyandikana pansi pa mtengo wa mango umene uli pafupi ndi ngalande yaikulu. Anamuimika Tiyamike pakati kuti afotokoze kafukufuku wake m'Chichewa, popanda liwu limodzi la m'buku. Iwo anakhala kumbuyo pa ndowa yovundikira, ndipo Tiyamike akazembera m'Chizungu ankangoti, "Bwereza." Amayiwo anafunsa mafunso mpaka dzuwa linapendeka. Pamapeto pake anagawana timinda, aliyense kake koingitsa mbalame, ndipo nthawi yokolola itafika anamweta kamunda kamodzikamodzi, Tiyamike ataima pomwepo.

Kuyambira chaka chimenecho, wophunzira wa aNajombo sankakhoma chikhomo m'munda asanaime pansi pa mtengo uja, ndipo sankalandira digiri asanabwererenso kukanena zimene wapeza. Ophunzira ankawaopa mayeso a pansi pa mtengo kuposa a ku yunivesite, chifukwa aNambewe sankachita manyazi kunena kuti sanamve kanthu. Patapita nthawi a Dini omwe aja anaika zimenezi m'malamulo a ophunzira onse ochita kafukufuku m'midzi, n'kuumiriza kuti thandizo lililonse likhale ndi gawo la misonkhano imeneyi. ANajombo atamva anati lamulolo lalembedwa ndi mawu ambiri kuposa ofunika, ndipo mkangano wina unayambira pomwepo.

Pakati pa aNajombo ndi Tiyamike mawu akuti pepani sanadutsepo. Tsiku limene Tiyamike anavala gauni, anabwera ndi katoni n'kuiika pamiyendo pawo. Munali jombo zatsopano. ANajombo anavula nsapato zimene zinkawapweteka zija pomwepo, pamaso pa anthu, n'kuvala jombozo, anadinda pansi kawiri n'kunena kuti, "Pitiriza." Tiyamike anapitirizadi. Lero ndi dokotala wa za mbewu, ndipo nayenso amaima pakhomo la kalasi n'kumagwira ana a eni pamkono.

ANajombo atapuma ntchito anabwerera ku Golomoti, koma kupuma kwake kunali kwa dzina lokha. Ana a ku Mtakataka ndi ku Mua amene amaliza digiri yoyamba ankabwera panjinga ndi mapepala awo, ndipo makoko a mtedza ankaulukabe pakhonde. Analinso ndi kamunda kawo ka kafukufuku, ka zikhomo ndithu, kamene ankati n'kongosewera koma ankakayang'anira ngati diso. Chaka chino anawokera okha, anayamba kudwala mpunga ukumasula, ndipo anamwalira kuchipatala ngala zitayamba kufiira.

Pamaliro panadzaza. Panabwera aphunzitsi a m'mayunivesite, alangizi a zaulimi, ndi anthu ovala masuti amene kale ankasesa pabwalo lomwelo. A Dini, akuyenda ndi ndodo, analankhula mwachidule kuti pa moyo wawo wonse sanapambanepo mkangano ndi mayiwa, ndipo tsopano sakudziwa kuti azikangana ndi ndani. Anakhala pansi asanamalize. Tikubalalika, Tiyamike anandinong'oneza kuti kafukufuku womaliza wa mayiwa akadali m'munda, ndipo mpheta zachuluka. Tinapangana kuti tikangomasuka ku ntchito tibwerere kudzakolola.

Tinabwerera patatha sabata, ndipo monga kale tinadzera kumunda. Tinapeza ziputu zokhazokha, zikhomo palibe. Tiyamike anandigwira mkono mwamphamvu. Tinayenda mofulumira mpaka kunyumba.

Pakhonde panali timatumba tating'ono titandandalikidwa mumzere kuchokera pakhomo mpaka pakona. Kathumba kalikonse kanali komangidwa kukamwa ndi luzi, ndipo pa luzipo panali chikhomo chake, nambala ikuyang'ana kunja, matope a kumunda akadali konsonga. ANambewe, amene tsopano akuyenda chowerama, anali atakhala pansi pamapeto pa mzerewo.

"Mpheta sizikanakudikirani, ana anga," anatero. "Ndiye tinati mwini munda wapita, tichite monga timachitira. Koma ulendo uno sitinasakanize. Kamunda kalikonse mphasa yakeyake, thumba lakelake. Timitengoto sitinatsuke, tinaopa kufufuta manambala. Chatsala n'kuyeza, ndipo oyeza ndiye palibe."

Tiyamike anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, n'kunyamula kathumba koyamba kukakoleka pa sikelo. Ine ndinatenga cholembera. Anawerenga nambala, ndipo ndisanalembe tonse awiri tinaima kaye, kudikira.

Kampando kachikopa kanali pamalo pake, pansi pa mtanda, chikopa chake chitalowa pakati pamene ankakhala. Pambali pake panali jombo zija, zitaima zokha moyang'ana kumunda, imodzi itapendekeka pang'ono, kangaude atayamba kale kuluka pakamwa pake. Pansi panali chitsononkho chimene wosesa anachiphonya. Muvi wa sikelo unagwedera pang'ono n'kuima. Palibe anatiuza kuti tibwereze.

Tiyamike anatsitsa kathumbako, n'kukakolekanso kachiwiri.